Kuphunzitsa kuyeza ntchito: njira ikonzedwe kaye, wotchi ibwere pambuyo

Ophunzira ambiri a uinjiniya wa m'mafakitale amamaliza maphunziro akudziwa kuwerengera nthawi ya ntchito papepala, koma mukawapatsa wotchi n'kuwaimika pafupi ndi munthu amene akugwira ntchito, amasokonezeka chifukwa sadziwa pamene gawo lina la ntchitoyo latha ndi pamene lina layamba. Malangizo awa ndi a inu aphunzitsi a phunziroli. Nkhani yake ndi yakuti nambala imene wophunzira adzaike m'dongosolo la kapangidwe ka katundu aipeze yekha, ndi maso ndi manja ake, ndipo adziwe kumene yachokera.

Pa tsiku loyamba wotchi isatuluke m'thumba. Gawani ophunzira atatuatatu, ndipo gulu lililonse mulipatse mapulagi a magetsi omasula, masikulu ndi chomangira chake. Mmodzi azimanga, wina aziyang'ana dzanja lamanja, winayo lamanzere, ndipo azilemba zimene dzanja lililonse likuchita. Sipatenga nthawi kuti aone kuti dzanja lamanzere likungogwirizira pulagi pamene lamanja likufufuza sikulu m'bokosi limene lili patali. Asendeze bokosilo, alekanitse masikulu aakulu ndi aang'ono, apange kachipangizo kopanira pulagi kuti manja onse awiri agwire ntchito. Umu ndi mmene Frank Gilbreth, katswiri wa kayezedwe ka ntchito, anachitira ndi ntchito yoyala njerwa ku America, pamene anachepetsa mayendedwe a thupi kuchoka pa 18 kufika pa 5 pa njerwa iliyonse, makamaka poika njerwa ndi matope pamalo oti womanga asamawerame. Iye ndi mkazi wake Lillian ankajambula antchito pa kanema kuti aone bwino mayendedwe amenewa, ndipo lero foni ya m'manja ikhoza kugwira ntchito yomweyo m'kalasi. Kuyeza nthawi ya njira yolakwika kumangoikhazikitsa njirayo, chifukwa ikalembedwa m'buku la fakitale anthu amaitsatira zaka zambiri osaifunsanso.

Njira ikakhazikika, aphunzitseni kudula ntchito m'magawo. Gawo lililonse likhale ndi pothera pooneka kapena pomveka, monga kugogoda kwa chomangira chikaikidwa patebulo. Magawo a makina alekanitsidwe ndi a manja, popeza liwiro la makina silidalira khama la munthu. Wotchi iziyenda osaimitsidwa, wophunzira azilemba nthawi imene yaonetsa pothera pa gawo lililonse, ndipo kuchotsera manambalawo kuti apeze nthawi ya gawo lililonse kuchitike pambuyo pake. Sikulu ikagwa pansi wantchito n'kuwerama kuitola, zimenezo zilembedwe pambali ndi chifukwa chake. Ophunzira amakonda kufufuta nambala yooneka yachilendo mwakachetechete, pamene nambala yoteroyo nthawi zina ndi imene imaulula vuto lenileni la pamalopo.

Gawo lovuta kwambiri, limene ndikuona kuti liyenera kupatsidwa maola ochuluka kuposa ena onse, ndi kuweruza liwiro la wantchito. Munthu amene akuyezedwa akhoza kufulumira chifukwa cha mantha kapena kuchedwa dala, choncho woyeza ayenera kukhala ndi chithunzi m'mutu cha liwiro labwinobwino, limene timalipatsa 100. Mabuku ambiri a ku America amayerekeza liwiro limeneli ndi kuyenda mamailosi 3 pa ola, kapena kugawa makadi 52 m'milu inayi pa theka la mphindi. Muyezo wa ku Britain umaika 100 pa kuyenda mamailosi 4 pa ola, ndiye ndi bwino kuwauza ophunzira momveka muyezo umene mukugwiritsa ntchito. Tulukani nawo panja, yezani mtunda, wina ayende, aliyense alembe liwiro limene waona asanamve la mnzake. Poyamba mayankho amatalikirana kwambiri, ndipo nthawi zambiri wochedwa amapatsidwa nambala yokwera kuposa yoyenera pamene wofulumira amapatsidwa yotsika. Bwerezani sabata ndi sabata mpaka mayankho ayandikane. Kuweruza kumeneku ndi maganizo a munthu, ndipo ophunzira asabisiridwe zimenezi. N'chifukwa chake mu 1948 akatswiri atatu a ku America, Maynard, Stegemerten ndi Schwab, anafalitsa njira ya MTM (Methods-Time Measurement), imene imapereka nthawi yoikidwiratu ya mayendedwe aliwonse a dzanja, pa muyezo wa nthawi wotchedwa TMU, wofanana ndi masekondi 0.036.

Kenaka masamu abwere, ndipo akhale a nambala zawo zomwe. Tiyerekeze kuti pulagi imodzi yatenga mphindi 0.80 ndipo liwiro la womangayo linali 110. Tikachulukitsa 0.80 ndi 110 n'kugawa ndi 100, pa liwiro labwinobwino ntchitoyo ndi ya mphindi 0.88. Tikawonjezera 15 peresenti ya kupuma, kumwa madzi, kupita kokadzithandiza ndi zochedwetsa zing'onozing'ono, tipeza mphindi 1.012. Pa maola 8, omwe ndi mphindi 480, munthu mmodzi angamange mapulagi 474. Wophunzira amene wangotenga 0.80 ya pawotchi adzalonjeza mapulagi 600, kutanthauza kuti tsiku lililonse padzasowa mapulagi 126 amene ogula auzidwa kale kuti alipo. Afotokozereninso kuti 15 peresentiyo ndi chitsanzo chabe, popeza wonyamula zolemera pamalo otentha amafunika kupuma kwambiri kuposa wogwira ntchito yopepuka atakhala pampando.

Musasiye kunena za munthu amene akuyezedwayo. Frederick Winslow Taylor anayamba kuyeza ntchito ndi wotchi ku fakitale ya zitsulo ya Midvale Steel mumzinda wa Philadelphia m'zaka za m'ma 1880. Mu 1911, chaka chimene buku lake lotchuka linatuluka, osungunula zitsulo a ku Watertown Arsenal, fakitale ya zida za asilikali m'chigawo cha Massachusetts ku America, ananyanyala ntchito pokana kuyezedwa ndi wotchi, ndipo nkhaniyo inafika ku nyumba ya malamulo ya dzikolo, kumene Taylor anakayankha mafunso mu 1912. Wophunzira adziwe kuti asanayambe amakaonana kaye ndi kapitawo, amadzidziwikitsa kwa wantchito, amamufotokozera cholinga, amaima pamene akuoneka, ndipo pomaliza amamuonetsa zimene walemba. Kuyeza mobisa kuletsedwe ndithu. Wantchito amene walemekezedwa amakuuzani yekha zinthu zimene wotchi singaone, monga zoti zipangizo za m'bokosi lina zimabwera zopindika.

Pa ntchito zosabwerezabwereza, monga za okonza makina kapena a mosungira katundu, wotchi sithandiza kwenikweni. Apa aphunzitseni njira imene L. H. C. Tippett anayambitsa m'mafakitale a nsalu ku Britain m'zaka za m'ma 1930, yodutsa pa nthawi zosayembekezeka n'kulemba ngati makina akuyenda kapena aima. Ngati mwadutsa ka 400 n'kupeza makina ataima ka 100, ndiye kuti amaima pafupifupi kotala la nthawi yonse.

Nthawi zimene apezazo zilowe tsopano m'dongosolo la kapangidwe. Konzani mzere wa malo atatu m'kalasi momwemo, oyamba a masekondi 40, achiwiri a 55, achitatu a 45. Ngati ogula akufuna zinthu 500 pa tsiku ndipo mzere umayenda mphindi 450, zomwe ndi masekondi 27,000, ndiye kuti chinthu chimodzi chiyenera kutuluka pa masekondi 54 aliwonse. Nthawi imeneyi imatchedwa takt, ndipo kampani ya Toyota ndi imene inaitchukitsa. Musawauze kumene kuli vuto. Uyendetseni mzerewo, ndipo adzaona okha katundu akuunjikana patsogolo pa malo achiwiri pamene wa pamalo achitatu akudikira manja ali lende. Mzerewu sungapitirire zinthu 490 pa tsiku ngakhale woyambayo atafulumira bwanji. Akasamutsa kagawo ka masekondi 5 kuchoka pa malo achiwiri kupita pa oyamba, malo ochedwetsetsa adzakhala a masekondi 50 ndipo 500 ija idzakwanira. Apa amazindikira chifukwa chimene ankadulira ntchito m'magawo, pakuti chimene sichinayezedwe pachokha sichingasamutsidwe.

Akatero ajambule tchati cha Gantt, choonetsa ndi mizere nthawi yoyambira ndi yothera ntchito iliyonse, cha maoda atatu kapena anayi a sabata imodzi, ndipo muonetsetse kuti aikamo nthawi yosinthira makina kuchoka pa mtundu wina wa katundu kupita pa wina, chifukwa imeneyi ndi imene amaiwala kawirikawiri. Pakati pa sabatayo auzeni kuti makina amodzi awonongeka kwa theka la tsiku, akonzenso dongosolo lawo ndi kunena oda imene ichedwe komanso chifukwa chake.

Popereka malikisi, onani pepala limene analembapo ali pamalo a ntchito, ndi zofufuta zake zomwe, kuposa lipoti loyera la pakompyuta. Patatha milungu itatu ayezenso womanga mapulagi yemwe uja. Adzapeza kuti nthawi yatsika chifukwa manja azolowera, monga mmene T. P. Wright anaonetsera mu 1936 pa ntchito yopanga ndege, ndipo afotokoze kuti pa nthawi ziwirizo ndi iti imene angaike m'dongosolo la mwezi wamawa.