Woyendetsa ndege ali mu yuniyoni: nanga inu amene visa yanu ili m'manja mwa abwana?

Oyendetsa ndege ndi anthu ophunzira, osowa, ndipo ambiri amalandira ndalama zooneka. N'chifukwa chake ena amati m'dziko limene makampani amapikisana momasuka, munthu wotere safunika bungwe lomuyankhulira. Akakhumudwa ndi abwana, angonyamula laisensi yake n'kukalowa kwina. Komatu ku America ndi ku Ulaya, oyendetsa ndege ndi amene amakakamira kwambiri mabungwe awo. ALPA, imene imaimira oyendetsa ndege ku United States ndi ku Canada, inayamba mu 1931, ndipo BALPA ya ku Britain inatsatira mu 1937. Chimene chimawamanga anthu amenewa n'chofanana ndi chimene chimamanga inu abale amene muli kunja, kaya mumanyamula zikwama pabwalo la ndege, mumasamalira okalamba, kapena muli pasukulu yophunzira kuulutsa ndege.

M'makampani akuluakulu a ku America, tsiku limene munthu walembedwa ntchito amapatsidwa nambala pamndandanda. Nambala imeneyo ndi imene imalamula moyo wake: ndege imene aziyendetsa, chaka chimene adzakhale kaputeni, ngati agone kunyumba pa Khirisimasi kapena mu hotela ya kutali, komanso amene ayambe kuchotsedwa zinthu zikavuta. Akasamukira kukampani ina, ngakhale atauluka zaka 20, amakayambira pansi penipeni pamndandanda watsopano. Onjezerani apo kuti dokotala amamuyeza kawirikawiri, ndipo mtima kapena maso zikangovuta, ntchito yathera pomwepo. Ufulu wochoka umene anthu amaunena uja ulipo papepala, koma mtengo wake ndi wosapiririka. Mndandandawu, kunena zoona, mayuniyoni omwewo ndi amene anaulimbikitsa pofuna kuthetsa kukondera, ndiye umateteza uku ukumanga.

Inunso ngati visa yanu inachokera kwa olemba ntchito, simuchoka mwachisawawa. Ku Britain, ntchito ya munthu wa visa yotere ikatha, Home Office, unduna woona za visa, kawirikawiri imamusiyira masiku 60 okha kuti apeze kampani ina yomuimira, apo ayi atuluke m'dzikomo. Abwana amadziwa zimenezi. Munthu amene sangachoke msanga sangakambirane malipiro ali yekha, ndipo apa mpamene ine ndimaona kuti yuniyoni ili ndi ntchito.

Mu 1978 boma la United States linasiya kulamula mitengo ya matikiti ndi njira za ndege. Matikiti anatsika, anthu ambiri anayamba kukwera ndege, koma makampani anayamba kufinya ndalama paliponse, makamaka makampani ang'onoang'ono amene amauluka m'dzina la akuluakulu. Mu February 2009 ndege ya Colgan Air, imodzi mwa makampani ang'onoang'ono amenewa, inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo, anthu 50 n'kumwalira. Kafukufuku anaonetsa kuti oyendetsa analakwitsa, koma dziko linadzidzimukanso pomva kuti wachiwiri kwa kaputeni ankalandira pafupifupi madola 16,000 pachaka, ndipo anali atayenda usiku wonse kuchokera ku Seattle kuti akayambe ntchito ku Newark. Achibale a omwalira anamenya nkhondo ku Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, ALPA ikuwathandiza, mpaka panabwera lamulo loti wachiwiri kwa kaputeni azikhala atauluka maola 1,500, kenako malamulo atsopano a nthawi yopuma mu 2014. Mpikisano pawokha sunabweretse zimenezi. Wogula tikiti amayang'ana mtengo, sadziwa kuti amene akumuyendetsayo wagona maola angati.

Pa malipiro nkhani ndi yosakanikirana. Mu 2023 oyendetsa ndege a kampani ya ku America ya Delta anavomereza mgwirizano wokweza malipiro ndi 34 peresenti pa zaka zinayi, ndipo a United ndi a American anapeza zofanana chaka chomwecho. Koma inali nthawi imene oyendetsa ndege ankasowa, mliri wa COVID-19 utangodutsa. Kampani ya ndege ya ku Ireland ya Ryanair nayo inakana mayuniyoni kwa zaka zoposa 30, ndipo inagonja mu December 2017, italephera kuulutsa ndege zambirimbiri chifukwa cha chisokonezo pa ndandanda ya oyendetsa, ena akuthawira kumakampani ena. Msika ndi umene umatsegula mpata, yuniyoni n'kulemba phindulo mu mgwirizano kuti lifike kwa onse ndipo lisafufutidwe chaka chamawa.

Yuniyoni siingapulumutse kampani imene ikugwa. Mu 1983 kampani ya ndege ya ku America ya Continental inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole, n'kutaya mapangano ake ndi antchito. Eastern Air Lines inalowa mu sitalaka yaikulu mu 1989, pofika 1991 inali itatsekedwa. United inasiya penshoni za antchito ake m'manja mwa bungwe la boma mu 2005, ndipo oyendetsa ndege ambiri analandira zochepa kuposa zimene analonjezedwa. Ku South African Airways, kumapeto kwa 2020, oyendetsa ndege anatsekeredwa kunja pamene kampaniyo inkakonzedwanso. Dziwaninso kuti m'mabungwe ambiri mawu a anthu akale ndi amene amamveka, ndipo watsopano, makamaka mlendo, akangokhala chete zofuna zake zimaikidwa kumapeto. Choncho mukalowa, muzipita kumisonkhano ndi kuvota.

Musanachite chilichonse, dziwani malamulo a dziko limene muli, chifukwa amasiyana kwambiri. Ku United Arab Emirates ndi ku Saudi Arabia mayuniyoni saloledwa, ndipo ku Qatar mlendo sangalowemo. Oyendetsa ndege a kampani ya Emirates, ndi ulemerero wawo wonse, alibe bungwe lowakambirira malipiro. Kumeneko chitetezo chanu ndi kontirakiti yanu ndi ofesi ya boma yoona za ntchito, ndipo kunyanyala ntchito kukhoza kukuthamangitsani m'dziko. Werengani kontirakiti musanakwere ndege, ndipo mukhale ndi kope lanu.

Ku South Africa, lamulo la Labour Relations Act la 1995 limalola wantchito aliyense kulowa mu yuniyoni. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okha okadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, ndipo salipiritsa. Ambiri amataya mlandu wabwino chifukwa chodikira kuti mwina abwana asintha mtima. Mu 2008 khothi la milandu ya ntchito linagamula, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, kuti mlendo amene pemiti yake yatha amawerengedwabe ngati wantchito ndipo CCMA ikhoza kumva dandaulo lake. Chigamulochi sichikonza mapepala anu, koma chimatanthauza kuti abwana sangangokutayani ngati si munthu.

Ku Britain muli ndi ufulu wolowa mu yuniyoni ngakhale kampani yanu isakuizindikira, ndipo n'kulakwira lamulo kukuchotsani ntchito pa chifukwa chimenechi. Mukaitanidwa kukayankha mlandu kuntchito, lamulo limakulolani kupita ndi nthumwi ya yuniyoni kapena mnzanu wa pantchito. Amene anakhalapo yekha m'kachipinda kotere, mamanejala awiri atakhala kutsogolo kwake ndi fayilo, wina akulemba mawu aliwonse, Chingelezi chikuthamanga kuposa mmene akuganizira, amadziwa kufunika kwa munthu woti anene kuti, “Taimani kaye, tionetseni umboni.” Osamalira odwala ndi okalamba ambiri amalowa yuniyoni ya UNISON kapena ya GMB, anamwino RCN, ndipo ogwira ntchito pabwalo la ndege ambiri ali mu Unite.

Chimene ndingakuchonderereni n'chakuti mulowe zinthu zili bwino. Mayuniyoni ambiri sapereka loya pa vuto limene linayamba munthu asanakhale membala. Musanalembetse, funsani ndalama ya umembala pamwezi, funsani ngati ali ndi nthumwi pamalo anu a ntchito, komanso ngati amathandiza pa nkhani za visa. Sungani mapepala a malipiro, ndandanda ya mashifiti ndi mauthenga a abwana pafoni yanu kapena pa imelo yanu, osati ya kampani, poti ya kampani amaitseka tsiku lomwe mwachotsedwa. Chenjerani ndi kontirakiti yonena kuti ndinu wodzilemba nokha ntchito pamene abwana ndi amene akukuuzani nthawi yolowera ndi yotulukira. Oyendetsa ndege ambiri a makampani otchipa ku Ulaya analembedwa motero kudzera mwa maejenti, ndipo zinawavuta kupeza malipiro a nthawi yodwala ndi chitetezo cha wantchito.

Sitalaka nayo ili ndi njira yake. Mu 1981 pulezidenti wa America Ronald Reagan anachotsa ntchito anthu oposa 11,000 amene amalondolera ndege pa wailesi ali pansi chifukwa ananyanyala ntchito lamulo likuwaletsa. Oyendetsa ndege a ku America sanganyanyale mpaka bungwe la boma loyanjanitsa antchito ndi mabwana, la National Mediation Board, litawamasula, n'kudikiranso masiku 30. Ku South Africa nkhani iyenera kudutsa kaye ku CCMA kapena bungwe lokambirana la ntchito yanu, kenako abwana adziwitsidwe kutatsala maola 48. Ku Britain pamakhala kaye voti ya mamembala, ndipo masiku amene munthu wa visa ya ntchito wajomba pa sitalaka yovomerezeka sawerengedwa ngati kuphwanya malamulo a visa. Anzanu akakuuzani pa WhatsApp kuti mawa tonse tisapite kuntchito, imbani kaye ku ofesi ya yuniyoni mufunse ngati sitalakayo yadutsa m'njira zimenezi, ndipo muwapemphe akuyankheni polemba.