Malume akamati kukodza magazi ndi kukula

Anzanga a kugombe kuno, kaya ku Monkey Bay, Makanjira kapena mbali ya Malombe, mwina munamvapo akuluakulu ena akuti mnyamata akayamba kukodza magazi ndiye kuti wakula. Limenelo ndi likodzo basi, tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowera pakhungu mwana akamasambira kapena kuchapa kunyanja.

Koma chonde osakayamba ndi zoti malume mukunama, pagulu, azilamu awo ndi ana ali pomwepo. Munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi amakakamira zomwezo olo mumtima atayamba kukayika. Adikireni ali okha, mwina akusoka ukonde pamthunzi, mukhale pansi mucheze kaye za usipa ndi mwera, kenako muwafunse ngati simukudziwa kanthu: malume, nanga mdzukulu wanu wokulira mtauni uja sanakodzepo magazi, ndiye kuti sanakule? Nanga tiatsikana tating'ono timakodzanso magazi bwanji? Musayankhe nokha iyayi, asiyeni, mawa lake azikakamba ngati nzeru zawo ndipo inu musatsutse.

Zikavuta pitani kwa munthu amene iwo amamumvera, ashehe kapena abusa, nthawi zina amaposa alangizi a zaumoyo.

Chinanso, mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel amapereka kusukulu aja, mwana adye kaye nsima kapena phala. Akamwa ndi njala amamva chizungulire ndi nseru, ndiye mphekesera zoti mankhwalawa ndi oipa zimayambira pamenepo.