Momwe mungasankhire zodzitetezera za mwana amene akuphunzira kutsetsereka pa nsapato zamatayala

Mwana wanga wamkazi, wa zaka 9, anaona pa foni atsikana akuvina pa madzi oundana, akuzungulira ndi mwendo umodzi ngati nguli. Kuyambira tsiku limenelo nkhani m'nyumba inali imeneyo basi. Masewerawa amatchedwa figure skating, ndipo mabwalo ake ali kutali ndi ife, monga ku Northgate mu Johannesburg ndi ku Panari mu Nairobi. Kuno ku Chipata mwana wofuna kuvina choncho amayambira pa nsapato zamatayala, ndiye ndinamugulira zake pa salaula. Tsiku lachitatu anagwa pakhonde, anatchinjiriza ndi dzanja, fupa n'kuthyoka. Masabata otsatira mkono unali m'chikhakha.

Zimandipwetekabe mtima chifukwa ndinagula nsapato ndisanaganize za kugwa. Wophunzira aliyense amagwa, ngakhale akatswiri a ku Olympics amagwa poyeserera. Nazi zimene ndakhala ndikuuza makolo anzanga a ku Kapata ndi ku Kalongwezi amene ana awo ayamba masewerawa.

Yambani ndi malo amene mwana azisewerera

Musanapite kumsika, yang'anani pansi pamene mwanayo azigwera. Ovina pa madzi oundana amavala zotetezera zofewa ndi zopyapyala, za siponji kapena za jelo, zobisika mkati mwa zovala. Zimawakwanira chifukwa madzi oundana ndi osalala: munthu akagwa amatsetsereka, khungu silisupuka kwambiri. Simenti ndi phula sizili choncho. Zimagwira nsalu n'kuing'amba, kenako n'kupala khungu. Choncho mukaona pa intaneti zovala za ovina aja, musangotengera. Mwana wa kuno amafunika zotetezera zokhala ndi chigoba cholimba cha pulasitiki kunja, siponji mkati.

Kumbukiraninso kuti kugwa kuli kuwiri. Kwina mwana amagwa chafufumimba, manja ndi maondo n'kumene zimayamba kufika pansi. Kwina matayala amathawira kutsogolo, iye n'kugwa chagada, matako kapena nkhongo n'kumenya simenti. Kugwa kwachiwiriku kumabwera mwadzidzidzi ndipo n'kumene kumandiopsa kwambiri.

Muyezeni mwanayo

Bwerekani tepi kwa telala. Mutu muuyeze mozungulira, tepi ikudutsa masentimita awiri pamwamba pa nsidze ndi pamene nkhongo yatukuka kwambiri. Yezaninso ntchafu pamwamba pang'ono pa bondo, mkono pamwamba pa chigongono, chikhatho popanda chala chachikulu, ndi chiuno. Lembani manambalawo. Zilembo za S, M ndi L musazikhulupirire kwambiri, kampani iliyonse ili ndi muyeso wake. Ngati n'kotheka pitani naye mwanayo akayese yekha.

Chisoti

Apa ndichedwapo, chifukwa dzanja lothyoka limalumikizika koma ubongo ukavulala nthawi zina subwereranso mwakale.

Tembenuzani chisoti muone mkati. Chabwino chimakhala ndi kapepala kosonyeza kuti chinayesedwa: EN 1078 ndi muyeso wa ku Ulaya wa zisoti za njinga ndi nsapato zamatayala, CPSC ndi wa ku America, ndipo ASTM F1492 ndi wa zisoti za osewera molumphalumpha pa matayala. Chisoti chopanda chizindikiro chilichonse, chongokhala pulasitiki yopyapyala ndi kasiponji kofewa, n'chidole chabe. Chisiyeni ngakhale chikhale ndi zithunzi zokongola bwanji. Mwa mitundu imene ilipo, ine ndimasankha chozungulira chija chimene chimatsika mpaka kunkhongo, chifukwa cha kugwa chagada kuja.

Mkati mwa zisoti zambiri mumakhala chinthu cholimba koma chopepuka, chofanana ndi zoyera zija zimene amatchinjirizira wailesi ya kanema m'katoni. Mutu ukamenya pansi, chinthucho chimaphwanyika kuti mphamvu ithere mwa icho. Chikaphwanyika sichibwereranso, ngakhale kunja kuoneke bwinobwino. N'chifukwa chake sindigula chisoti pa salaula. Palibe amene angakuuzeni kuti mwini wake woyamba anagwa nacho kangati. Ndipo cha mwana wanu chikamenyeka kwambiri kamodzi, ntchito yake yatha, mugule china.

Poyesa, chisoti chikhale chowongoka, osati chopendekera kumbuyo ngati kapu. Pakati pa nsidze ndi mlomo wa chisoti pazikwana zala ziwiri zokha. Zingwe za m'mbali zikumane pansi pa khutu ngati chilembo cha V. Mukamanga, pansi pa chibwano pazilowa chala chimodzi kapena ziwiri. Kenako muuzeni mwana apukuse mutu ndi kuyasamula. Chikamagwedezeka n'chachikulu, akayasamula ayenera kumva chisoti chikukokera pansi.

Ife makolo timakonda kunena kuti "adzakulira momwemo". Pa yunifolomu n'zomveka, pa chisoti ayi. Musamuvekenso cha njinga yamoto, n'cholemera kwa khosi la mwana, kapena cha omanga nyumba, chimene anachipangira zinthu zogwa kuchokera kumwamba. Ndipo akamaliza kusewera avule. Asakwere nacho mumtengo wa mango, chingwe chikakola nthambi chingamupotokole khosi.

Zoteteza manja

Munthu akamagwa amatambasula manja asanaganize n'komwe, ndipo kulemera kwa thupi lonse kumathera pamfundo ya dzanja. Ndi pamene mwana wanga anathyoka. Chotetezera chenicheni chimakhala ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kolimba kokhota kumbali ya chikhatho, ndipo zabwino kwambiri zimakhala ndi kenanso kuseri kwa dzanja. Kam'chikhathoko kamachititsa dzanja kutsetsereka pa simenti m'malo mokakamira, kakuseriko kamaletsa dzanja kupindikira kumbuyo mopitirira. Magolovesi wamba amangoteteza khungu.

Mwana avale, afumbate, atambasule. Zala ziziyenda momasuka, zisachite dzanzi kapena kuzizira. Mukapeza zolembedwa EN 14120, umenewo ndi muyeso wa zoteteza manja, maondo ndi zigongono pa masewera a matayala. Chenjezo limodzi, popeza Chipata ndi mudzi wa njinga: zoteteza manjazi asapalase nazo njinga, zimalepheretsa kugwira bwino mabuleki.

Maondo ndi zigongono

Izi mukhoza kuzisaka pa salaula ku Kapata kapena ku Saturday Market, chifukwa vuto lake limaoneka ndi maso. Onani kuti chigoba sichinang'aluke ndipo timisomali tochigwirizira sitinazuke. Finyani siponji: ikaphwa mpaka zala kukumana, yatha. Kokani malamba muone ngati akubwerera, ndipo matani ndi kumatula Velcro kangapo. Malamba ndi Velcro telala akhoza kusintha, chigoba chosweka palibe chochita nacho.

Zotetezera zimene amavala ngati sokosi n'kumanganso malamba pamwamba zimagwira bwino kuposa za malamba okha. Mwana anjute, agwade, ayende. Zikatsikira kumsongolo ndiye kuti tsiku logwa bondo lidzakhala pamtunda. Zofewa za osewera volebo zingathandize pa madzi oundana, koma pa phula zimang'ambika msanga.

Kabudula wa siponji

Ambiri sadziwa kuti aliko, koma kwa mwana wofuna kuzungulira ndi kulumpha ndi wofunika. Ovina pa madzi oundana amamuvala pophunzira kulumpha, chifukwa amagwera chiuno kambirimbiri tsiku limodzi. Ambiri a iwo amazungulira chakumanzere n'kutera ndi mwendo wamanja, motero mbali imene mwana wanu amaterera muiyang'anitsitse. Kabudulayo aziphimba mafupa a m'mbali mwa chiuno ndi kafupa kakumapeto kwa msana, kamene kakamenyeka munthu amavutika kukhala pansi kwa masabata.

Ogula kunja amapeza okhala ndi D3O, chinthu chofewa chimene chimauma chikamenyedwa. Ine ndinapita kwa telala ndi kabudula wothina, tinasoka matumba atatu mkati, awiri m'mbali limodzi kumbuyo, n'kulowetsamo zidutswa za mphasa yolimba yochitirapo masewera olimbitsa thupi. Siponji ya matiresi ndinaiyesa, n'njofewa kwambiri. Njira imeneyi ndi ya kabudula yekha. Chisoti ndi zoteteza manja musapange nokha.

Ndalama zikachepa

Gulani chisoti, kenako za manja, kenako za maondo. Zigongono ndi kabudula zingadikire malipiro otsatira. Koma ziwiri zoyambazo zisanapezeke, nsapato zikhale m'kabati, alire asalire.

Tsiku loyamba

Povala, ayambe maondo ndi zigongono, kenako nsapato ndi chisoti, za manja pomaliza, chifukwa akazivala kumanga zingwe kumavuta. Mupite naye pa kapinga akaphunzire kugwa dala: apinde maondo, aweramire kutsogolo, agwere pa zigoba. Abwereze mpaka mantha athe. Akasamukira pa simenti, pakhale pathyathyathya, posesedwa timiyala, kutali ndi Great East Road ndi misewu yathu yotsetsereka imene njinga ndi magalimoto zimatsika mothamanga.

Mwezi wa October ana amafuna kuvula zonse chifukwa cha thukuta. Musalole, m'malo mwake asewere m'mawa kapena dzuwa litapepa. Zotetezerazo muzichapa pamanja n'kuyanika pamthunzi, ndipo chisoti musachisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Mwana akamenyetsa mutu, ngakhale anavala chisoti, mumuyang'anire tsiku lonse ndi usiku womwe. Akasanza, akamva chizungulire, akamangosinza, kapena mutu ukamapitirira kupweteka, thamangani naye ku kiliniki yapafupi kapena ku Chipata Central Hospital. Dzanja likatupa kapena kupindika, musalikoke ndipo musalithowe. Limangeni pa kathabwa mmene lililimo, mupite naye kuchipatala.