Mmene kholo lingawerengere ndalama za mpira wa mwana lisanadalire sikolashipu ya ku America

Ndalama za fodya wa ku Chinkhoma kapena za soya zikalowa, m'makomo ena kuno ku Kasungu mumabuka nkhani ya mwana waluso pa mpira. Mphunzitsi wa timu amanena kuti mwanayo akufunika nsapato zatsopano, ndalama ya ulendo wa ku Lilongwe ndi ya kampu, kenako amawonjezera mawu amene amafewetsa mtima wa kholo lililonse, akuti mwana ameneyu angathe kudzaphunzira ulere ku koleji ya ku America. Zimenezi zimachitikadi, koma musanatulutse ndalama, khalani pansi ndi kope.

M'kopemo lembani zonse zimene mpira umadya pa chaka chathunthu: nsapato, zimene pa mabwalo athu a dothi louma sizichedwa kung'ambika, minibasi yopita ndi yobwera, chakudya cha pa ulendo, malo ogona, zopereka za ku timu ndi mankhwala mwana akavulala. Musaiwale masiku a sukulu amene amajomba chifukwa cha maulendowo, pakuti ngakhale salembedwa pa risiti, ndiwo amapweteka kwambiri. Mukatero, ikani chiwerengerocho pambali pa fizi ya matemu atatu. Ngati ndalama ya mpira ikudya ya fizi kapena ya feteleza, mwapitirira malire.

Tsopano onani mwayi weniweniwo. Bungwe la NCAA, limene limayang'anira masewera m'makoleji ambiri a ku America, limanena kuti mwa ana 100 alionse osewera m'masukulu a sekondale a m'dzikolo, awiri okha ndi amene amalandira thandizo la maphunziro chifukwa cha masewera. Ambiri mwa olandirawo amapatsidwa gawo chabe la fizi, ndipo makoleji a gulu lachitatu, Division III, sapereka n'komwe sikolashipu ya masewera. Awa ndi ana amene aphunzitsi a matimu amawaona ndi maso awo. Wa ku Santhe kapena ku Chulu ayenera kuyamba wapeza njira yoti aoneke.

Apa m'pamene makolo ambiri amalakwitsa, ndipo zimandiwawa ndikaona mwana wa Fomu 2 akusiya makope chifukwa chouzidwa kuti mwendo wake ndiwo udzamudyetse. Koleji imalemba wophunzira. NCAA imafuna zotsatira za maphunziro a zaka za ku sekondale isanalole mwana kusewera, ndipo makoleji ambiri amafunanso umboni woti amadziwa Chingelezi, monga mayeso a TOEFL kapena IELTS. Choncho sungani malipoti onse a sukulu kuyambira Fomu 1, pamodzi ndi chikalata cha kubadwa cholondola, ndipo mulimbikire kuti MSCE ituluke bwino. Mapointi abwinowo ndi omwenso angamulowetse ku yunivesite ya boma konkuno, kumene angapemphe ngongole ya maphunziro, ngati bondo litakana.

Pa mpira weniweniwo, yambani ndi zotsika mtengo. Mwana asewere m'timu ya sukulu ndi m'mipikisano ya m'boma, ndipo wina wa foni yabwino ajambule masewero athunthu, osati zigoli zokha. Funsani za mayeso olowera ku maakademi odziwika monga Ascent Soccer ya ku Lilongwe, imene imaphatikiza mpira ndi sukulu. Ulendo umodzi wopita kumene kuli anthu osankha osewera umaposa maulendo khumi a mipikisano ya chikho cha mbuzi.

Ngakhale malo atapezeka, ndalama zimafunikabe. Pali pasipoti, madola 350 a SEVIS (kaundula wa boma la America wa ophunzira ochokera kunja), madola 185 ofunsira viza, ndiponso tikiti ya ndege, imene kawirikawiri imakhala ya banja. Malamulo a viza kwa Amalawi akhala akusintha, motero funsani ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe musanalipire chilichonse.

Chenjerani ndi munthu wobwera pa WhatsApp wodzitcha ejenti, wofuna ndalama msanga kuti asungire mwana malo. Malamulo a FIFA amaletsa kusamutsira wosewera wosakwana zaka 18 ku timu ya kunja, kupatula pa zifukwa zochepa. Mufunseni dzina la koleji ndi la mphunzitsi wa timu, mulembere kolejiyo nokha pa adiresi ya pa tsamba lake la intaneti, ndipo za chiphaso chake mukafunse ku FAM, bungwe loyendetsa mpira m'Malawi muno.