Momwe mungayezere madzi a mtsinje wa kwanu kuti ubwerere mwakale

Amene anawolokapo mlatho wa Mudi pafupi ndi msika wa Blantyre m'mwezi wa Okutobala amalidziwa fungo lake. Mtsinjewu umachokera kuphiri la Ndirande, umadutsa kumafakitale a ku Makata, ndipo pofika m'tauni madzi amakhala atada bii. Kudandaula timadandaula, koma mukakafika ku ofesi adzakufunsani kuti zonyansazo zikulowera pati, ndipo liti. Apa m'pamene pamafunika kope lolembamo zimene mwayeza mumtsinjemo. Njirayi ingagwire ntchito pa Mudi, pa Naperi, pa Lingadzi, ngakhale pa kamtsinje ka m'mudzi mwanu.

Yambani ndi kuuyenda mtsinjewo, anthu atatu kapena anayi, mutadziwitsa amfumu kapena akhansala. Lembani paliponse pamene pali paipi yotaya madzi, chimbudzi cha m'mbali, dzala, kapena dimba lolimidwa mpaka m'madzi. Kenako sankhani malo atatu oyezera: kumtunda kumene madzi akadali bwino, kunsi pang'ono kwa malo okayikitsa, ndi kumunsi kwenikweni. Malowa musamasinthe. Muzibwera kamodzi pamwezi, m'mawa, ndiponso tsiku lotsatira mvula yaikulu.

Litsiro limayezeka popanda ndalama. Tengani botolo lalitali loonekera mkati, pansi pake mujambule mtanda wakuda. Thirani madzi pang'onopang'ono mukuyang'ana kuchokera pamwamba, mpaka mtandawo usaonekenso, ndipo yezani ndi rula kuti madzi afika masentimita angati. Akachepa masentimita, ndiye kuti dothi lachuluka. Mulembenso mtundu wa madziwo, fungo, thovu, ndi ndere ngati zatchinga pamwamba. Timapepala toyezera pH (kuchuluka kwa asidi m'madzi) mukatipeza, nambala yabwino ili pakati pa 6.5 ndi 8.5.

Chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi kugudubuza miyala. Botolo limanena za tsiku lomwelo, koma tizilombo tokhala pansi pa miyala timanena za miyezi yathunthu, chifukwa madzi oipa akadutsa usiku timafa ndipo sitibwerera msanga. Valani magambutsu ndi magolovesi, pakuti likodzo silikusekererani. Nyamulani miyala khumi, muitsukire m'beseni loyera, mudikire kuti madzi akhazikike. Mukaona nkhanu, ana a tombolombo ndi tina ta michira itatu tothamanga pansi pa beseni, mtsinjewo ukupumabe. Mukangopeza misundu ndi tinyongolotsi tofiira psuu m'matope onunkha, mpweya m'madzimo wachepa kwambiri. Werengani mitundu yake, mujambule ndi foni, mutibwezere m'madzi.

Tizilombo ta m'mimba sitioneka ndi maso, ndipo madzi oyera mbee akhoza kukhala nato. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, choncho apa musachite zongoganizira. Kamodzi m'chilimwe, kamodzinso m'dzinja, pemphani alangizi a zaumoyo akuthandizeni kutunga madzi m'botolo lochokera ku labu, muwasunge pozizira, afike ku labuko pasanathe maola 6. Uzani a ku labu kuti ayeze E. coli, kachilombo kosonyeza kuti m'madzi mwalowa chimbudzi. Madzi akumwa sayenera kukhala ndi ngakhale kamodzi m'mamililita 100.

Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, yerekezani malo atatu aja. Pamene manambala agwa mwadzidzidzi, vuto lili pakati pa malo awiriwo. Ngati ndi paipi, tengani kope ndi zithunzi mupite nazo kukhonsolo ndi ku bungwe la MEPA, limene lamulo la zachilengedwe la 2017 linalipatsa mphamvu zoyang'anira owononga. Siyani kalata, ina akudindireni musunge.

Ngati ndi dothi lokokoloka, ntchitoyo ndi yanu. Mvula ikakhazikika mu Disembala, dzalani vetiva m'mizere yopingasa, nsungwi ndi mikuyu m'mbali, ndipo bango lisiyeni limere. Eni madimba mukambirane nawo pamaso pa amfumu kuti asunthire kumtunda pang'ono, muwaonetse botolo la kumtunda ndi la kumunsi ayerekeze okha. Mwezi wotsatira bwererani pamalo omwe aja ndi beseni lanu.