Mmene ndimafotokozera adzukulu anga nthano za ku India magetsi akathima

Kuno ku Matawale magetsi akangothima madzulo, adzukulu anga anayi amasiya kulimbirana foni ya mayi awo n'kubwera pakhonde. Nthano za kalulu ndi fisi zimene ndinatola kwa agogo anga ndinawauza zonse, mpaka anafika pomandimalizira mawu ndisanawatchule. Mpamene ndinatembenukira ku nthano za Amwenye, zimene ndinkawerengera ana m'kalasi ndisanapume pa uphunzitsi. Amayi anzanga akutchalitchi akhala akundifunsa kuti ndimazifotokoza bwanji, ndiye ndati ndingolemba kamodzi.

Musanayambe, dziwani thumba limene mwatapamo nthanoyo, chifukwa matumba ake ndi osiyana. Loyamba ndi Panchatantra, nthano zolembedwa m'chinenero cha Sanskrit ndipo zili m'zigawo zisanu. Mawu ake oyamba amanena kuti mfumu ina inali ndi ana aamuna atatu osamva maphunziro, ndiye inawapereka kwa mphunzitsi wokalamba dzina lake Vishnu Sharma, amene anawaphunzitsa kudzera m'nkhani za nyama. Choncho nthano zimenezi cholinga chake n'kuchenjeza mwana amene adzalamulire anthu: adziwe bwenzi lenileni, adziwe kupulumuka kwa wamphamvu. Zinayenda kutali, cha m'ma 750 zinali zitamasuliridwa kale m'Chiluya pa dzina loti Kalila wa Dimna. Thumba lachiwiri ndi Jataka, nkhani 547 za chipembedzo cha Chibuda zosimba miyoyo imene Buddha akuti anakhala asanabadwe komaliza. Izi zimakamba za kupatsa, kupirira ndi kudzimana.

Ine ndinasakaniza matumbawa tsiku lina n'kuchita manyazi. Ndinafotokoza ya m'thumba loyamba, ya mkango umene nyama zinapangana nawo kuti zizitumiza imodzi tsiku lililonse kuti udye. Litafika tsiku la kalulu, iye anachedwa dala, n'kukanena kuti panjira anamugwira mkango wina wodzitcha mfumu. Anautengera kuchitsime, iwo unasuzumira, unaona chithunzithunzi chake m'madzi n'kudumphiramo. Nditamaliza ndinati, "Mwaona ana inu, chilungamo chimapambana." Wamkulu uja, wa sitandade 7, anangoti, "Koma agogo, kaluluyo ananamatu." Ndinasowa poyankha. Nthano imeneyo sikamba za kunena zoona. Ikukamba za wofooka amene alibe chida china koma mutu wake, ndipo ndikanayenera kuisiya choncho.

Kuyambira pamenepo phunziro sinditchula ine. Ndimaima pakati pa nthano, pamene zinthu zafika pothina, n'kufunsa. Tengani ya pusi ndi ng'ona, yomwe ndi yabwino kuyambira. Pusi ankakhala mumtengo wa jambula m'mbali mwa mtsinje, ndipo tsiku ndi tsiku ankaponyera ng'ona zipatso mpaka anakhala pa ubwenzi. Ng'ona inkapititsako zina kwa mkazi wake. Mkaziyo anaganiza kuti ngati pusi amadya zotsekemera chotere masiku onse, ndiye kuti mtima wake ndi uchi weniweni, ndipo anaumirira kuti amubweretsere. Ng'ona inaitanira pusi kunyumba, inamubereka pamsana, ndipo atafika pakati pa madzi akuya inaulula. Apa mpamene mumaima. Funsani kuti, "Iwe ukanakhala pusi, kusambira sudziwa, ukanatani?" Musafulumire. Wina adzati ndikanailuma, wina adzati ndikanapemphera. Akatopa auzeni zimene pusi ananena: bwanji osandiuza kale, mtima wanga ndimausiya mumtengo, tiye tikautenge. Mukamaliza funsaninso kuti wolakwa kwambiri ndani, ng'ona kapena mkazi wake. Kwathu mkangano umenewu unatenga masiku awiri, ndipo mayi awo analowererapo kuti mkazi wa ng'ona asamangonenedwa yekha pamene wobereka pusi pamsana anali mwamuna.

Nanga musinthe chiyani? Nyama zitchuleni m'Chichewa: nkhandwe, kamba, atsekwe, msulu. Yambani mwa masiku onse, "Padangokhala," iwo ayankhe "Tili tonse," chifukwa mwana amene akuyankha sagona. Ikanimo kanyimbo kanu pamene ng'ona ikusambira. Nthano yopanda nyimbo kwa ife ndi ndiwo yopanda mchere. Koma nthanoyo musaisamutse. Ndinamvapo wina akuti pusiyo ankakhala m'mbali mwa mtsinje wathu wa Likangala, ndipo sizinandisangalatse. Ine ndimati, "Padangokhala, kutali ku India." Ana athu amangowadziwa Amwenye kuseri kwa kauntala m'masitolo a m'tauni muno. Ndi bwino adziwe kuti nawonso ali ndi agogo awo amene anawasiyira kalulu wochenjera ngati wathu yemwe.

Nkhani zachipembedzo zimafuna kusamala kwina. Ine ndine Mkhristu, ndipo sindibisa kwa ana kuti eni nkhanizi amakhulupirira zosiyana ndi ife, monga zoti munthu akafa amabadwanso, mwina ngati nyama. Ndimanena kamodzi, mopanda chipongwe, n'kupitiriza. Mukachotsa zimenezi nkhani imatsala chigoba. Ya kalulu wa pamwezi imatero: kalulu, pusi, nkhandwe ndi katumbu anagwirizana kuti pa tsiku lopatulika apatse chakudya aliyense wopempha. Kunabwera mlendo wanjala, amene kwenikweni anali Sakka, mfumu ya milungu. Katumbu anali ndi nsomba, pusi anali ndi mango, koma kalulu analibe kanthu kupatula udzu, ndiye anauza mlendoyo kuti akoleze moto n'kudziponyapo yekha kuti akhale ndiwo. Moto sunamutenthe, ndipo Sakka anajambula chithunzi chake pamwezi. Kaluluyo ndiye Buddha m'moyo wake wina. Isungireni usiku umene mwezi uli wathunthu, ukangotuluka muwatulutse panja akamufunefune. Koma ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi sindiwauza imeneyi, makamaka mbaula ili pafupi. Ndinaphunzitsa sitandade 1 zaka zambiri, ndikudziwa zimene amayesera.

Akuluakulu aja ndimawapatsa chigawo chimodzi cha nkhani ya Rama, ya Ahindu. Rama anayenera kulowa ufumu ku Ayodhya, koma mkazi wina wa bambo ake anapempha kuti ufumu upite kwa mwana wake Bharata, ndipo Rama akakhale kunkhalango zaka 14. Bharata atamva anakana. Anamulondola mkulu wakeyo, ndipo Rama atakana kubwerera, anatenga nkhwaira zake n'kukaziika pampando wachifumu, iye n'kumangoyang'anira dziko mpaka mwini wake atabwera. Nyali zimene Ahindu amayatsa pa chikondwerero cha Diwali, mu Okutobala kapena Novembala, ambiri a iwo amakumbukira nazo kubwerera kwa Rama kumeneko. Apa sindifunsa kanthu. Ana a zaka 12 amva kale za milandu ya ufumu ndi ya minda kumudzi kwathu, ndipo amayamba okha kutchula mayina amene ndimachita kuwaletsa.

Samalaninso ndi nthano imene mukumalizira. Pali ya mayi amene ankaweta msulu limodzi ndi khanda lake. Atapita kukatunga madzi, njoka inalowa m'nyumba, msulu unaipha n'kuthamangira pakhomo kukamuchingamira, kukamwa kuli magazi. Mayiyo anaganiza kuti wadya mwana, anauphwanya ndi mtsuko, ndipo atalowa anapeza khanda lili mtulo, njoka ili zidutswazidutswa pambali. Ndi yamphamvu kuposa zonse zimene ndikudziwa, koma mdzukulu wanga wamng'ono analira mpaka kukagona kumiyendo kwanga. Masiku ano ndimaifotokoza koyambirira, kenaka n'kutsekera ndi ya kamba wolongolola. Dziwe lake litauma, atsekwe awiri anamunyamula ataluma pakati pa ndodo, atamuchenjeza kuti asayankhule. Anthu pansi anayamba kumukuwiza, iye anatsegula pakamwa kuti awayankhe. Nayenso amafa, inde, koma ana amaseka chifukwa onse amaloza mlongo wawo wachiwiri uja. Akamaseka choncho ndimangoti akaphule mbatata, akasambe m'mapazi, akagone.