Kuchepetsa sitachi kapena kudya nyama yokhayokha: chimakhutitsa n'chiyani?

Anthu ofuna kuchepetsa thupi amakonda kutifunsa kuti: kodi ndingochepetsa shuga, buledi ndi mpunga, kapena ndisiyiretu zonse zomera n'kumadya nyama yokhayokha? Amene anayesapo njira ziwirizi amanena mawu amodzi, akuti njala inasiya kuwasautsa. Sakunama. Koma musanasankhe, dziwani kaye chimene chimathetsa njalayo.

Kuchepetsa zakudya za sitachi ndi shuga si nkhani yachilendo. William Banting wa ku London analemba za kadyedwe kameneka mu 1863, ndipo Dr Robert Atkins wa ku America anakatchukitsa mu 1972. Timati munthu wachepetsa akamadya makabohaidireti, kutanthauza sitachi ndi shuga, osafika magalamu 130 patsiku. Akatsika kufika pansi pa magalamu 50, chiwindi chimayamba kusandutsa mafuta kukhala maketoni oti ubongo uzigwiritsa ntchito. Imeneyo ndiye keto, imene madokotala a chipatala cha Mayo Clinic ku America anayambitsa mu 1921 pothandiza odwala khunyu. Pa njira imeneyi masamba, mtedza ndi mapeyala zimakhalabe m'mbale. Ya nyama yokhayokha imachotsa zonsezo, mumatsala ndi nyama, nsomba, mazira, mchere ndi madzi. Ena amawonjezerapo batala ndi tchizi.

Chimene chimagwira mimba kwambiri ndi mapuloteni. Akafika m'matumbo, thupi limatulutsa mahomoni monga GLP-1 ndi PYY ouza ubongo kuti zakwana, ndipo ghrelin, homoni yodzutsa njala, imatsika. Yesani nokha. Lero m'mawa idyani mazira atatu, mawa mudye buledi woyera ndi tiyi wa shuga, ndiye muone tsiku limene mimba iyambe kulira msanga. Maketoni nawo amaziziritsako chilakolako cha chakudya.

Nyama yokhayokha ili ndi chinsinsi china chimene oitamanda satchula kawirikawiri: imakola. Katswiri wa za kadyedwe Barbara Rolls ndi anzake anaonetsa mu 1981 kuti munthu amadya zambiri akapatsidwa zakudya zosiyanasiyana kusiyana ndi pamene wapatsidwa mtundu umodzi. N'chifukwa chake munthu woti wakhuta mpaka kumasula lamba amapezabe malo a keke. Ngakhale muli ndi nkhuli yotani, nyama ya m'mawa, masana ndi madzulo imafika poti mukaiona mumangodya yokwanira n'kukankha mbale. Pamenepo kukhuta kwasakanikirana ndi kutopa nayo. Zimathandiza ndithu, koma funso n'lakuti mungapirire miyezi ingati.

Onaninso zimene munthu amasiya akalowa njira ziwirizi: mabisiketi, zakumwa zotsekemera, tchipisi ta m'mapaketi. Mu 2019 Kevin Hall wa ku National Institutes of Health ku America anasunga anthu 20 m'chipatala n'kumawalola kudya mmene akufunira. Pa milungu imene ankapatsidwa zakudya zokonzedwa kwambiri m'mafakitale, ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku. Mbali ina ya phindu limene anthu amati labwera ndi nyama imachokera pa kusiya zimenezi.

Ndipo si sitachi yonse imene imabweretsa njala. Susanna Holt wa ku University of Sydney anayeza zakudya 38 mu 1995 kuti aone chokhutitsa kwambiri. Chinapambana ndi mbatatesi yowiritsa, imene inaposa buledi woyera kopitirira katatu. Ku yunivesite ya Stanford ku America nako, pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2018, anatsatira anthu 609 kwa chaka chathunthu: ochepetsa makabohaidireti anatsika makilogalamu 6, ochepetsa mafuta anatsika makilogalamu 5 ndi pang'ono. Kusiyana kwake n'kosati munthu n'kutayira nyemba kudzala.

Otsatira nyama yokhayokha amakonda kutchula Vilhjalmur Stefansson, munthu wofufuza madera ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, amene mu 1928 anayamba chaka chodya nyama yokha pamodzi ndi Karsten Andersen, akuyang'aniridwa ndi madokotala a chipatala cha Bellevue ku New York. Anamaliza ali bwino, inde. Koma masiku oyamba, atamupatsa nyama yopanda mafuta, Stefansson anachita nseru n'kutsegula m'mimba mpaka anamubwezera yonona. Mphamvu zambiri ankazipeza m'mafuta, ndipo ankadyanso chiwindi, ubongo ndi mafuta a m'mafupa. Komanso anali anthu awiri okha.

Nyama ilibe ngakhale pang'ono faiba, zotsalira za zomera zimene zimathandiza m'mimba kuyenda bwino, pamene bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 25 patsiku. Ena amadzimbidwa, ena amatsegula m'mimba. Vitamini C amakhala wochepa kwambiri. Kwa ambiri, mafuta a nyama amakweza kolesitolo ya LDL, imene imatseka mitsempha ya magazi mwakachetechete munthu akudzimva kuti ali bwino. Mu 2015 nthambi ya WHO yoona za khansa inaika soseji, bekoni ndi nyama zina zokonzedwa motero m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Pa zifukwa zimenezi, ife timalangiza kuchepetsa osati kusiyiratu.

Chitani chonchi. Pa chakudya chilichonse yambani ndi mapuloteni okula ngati chikhatho chanu, kaya nsomba, nkhuku, mazira kapena nyemba. Theka la mbale likhale masamba. Sitachi ibwere pomaliza, yochepa, ndipo ikhale yosapunthidwa kwambiri. Shuga wa m'zakumwa ndiye woyamba kumuchotsa, chifukwa amalowa osakhutitsa. Idyani mosathamanga, uthenga wa kukhuta umachedwa kufika ku ubongo. Njala ikabwera pakati pa zakudya, dzifunseni ngati mungadye dzira lowiritsa. Mukakana dzira koma mtima uli pa chokoleti, imeneyo si njala. Gonaninso mokwanira, poti kusowa tulo kumakweza ghrelin.

Sikelo ya mlungu woyamba isakupusitseni. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu pamodzi ndi madzi, pafupifupi magalamu atatu a madzi pa galamu iliyonse, ndiye zoyamba kutsika ndi madziwo. Mutu ukamawawa ndiponso mukamamva kufooka masiku amenewo, imwani madzi ambiri ndipo musasiyiretu mchere.

Ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mumabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, musachepetse sitachi musanaonane ndi dokotala, chifukwa shuga angatsike mpaka kukomoka. Amene amamwa mankhwala a gulu la SGLT2, monga empagliflozin, asayerekeze keto kapena nyama yokhayokha, magazi angachuluke asidi moopsa. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, odwala impso ndiponso amene anavutikapo ndi matenda odzimana chakudya afunse kaye kuchipatala. Enanu amene mwasankha kuyesa, kayezetseni kolesitolo musanayambe, mudzayezetsenso pakatha miyezi itatu.